Nkhondo ya ku Iraq ya 2003: adanama kapena adanamizidwa?

Pa 5 February 2003, nduna yoona za maubale ndi mayiko akunja ya dziko la America, a Colin Powell, adakhala pamaso pa komiti yoona za chitetezo ya bungwe la United Nations (UN) ku New York, nkukweza m'mwamba kabotolo kakang'ono kokhala ndi ufa woyera. Ankafuna aliyense aone kuchepa kwa tizilombo ta matenda a anthrax tomwe tingagwedeze mzinda wonse, ndipo adati mtsogoleri wa Iraq, Saddam Hussein, ali nato tochuluka. Kumbuyo kwawo kudakhala a George Tenet, mkulu wa akazitape a CIA, kuti makamera awajambule pamodzi. A Powell adayankhula kupitirira ola lathunthu, nkutsimikiza kuti chilichonse chomwe akunena chili ndi umboni wolimba. Patatha masabata asanu ndi limodzi, pa 20 March, mabomba adayamba kugwa mu Baghdad.

Zida zomwe ankanenazo sizidapezeke. Kuchokera pamenepo anthu akhala akukangana. Ena amati George W. Bush, yemwe adali pulezidenti wa America, ndi Tony Blair, yemwe adali nduna yaikulu ya Britain, adanamiza dziko lapansi mwadala. Ena amati atsogoleriwa adangokhulupirira zomwe akazitape awo adawauza, ndipo kulakwitsa si kunama.

Saddam sadali munthu wongomusemera chinyau. Pa nkhondo yake ndi Iran, ya 1980 mpaka 1988, adagwiritsadi ntchito mpweya wa poizoni, ndipo mu March 1988 adaupopera pa anthu ake omwe a mtundu wa Kurd m'tauni ya Halabja, pomwe padafa anthu pafupifupi 5,000. Atagonja pa nkhondo ya ku Kuwait mu 1991, bungwe la UN lidamulamula kuwononga zida zonse za poizoni, za tizilombo ndi za nyukiliya, ndipo kwa zaka zingapo ankazemba akatswiri oyendera omwe bungweli lidatumiza. Ntchito yopanga zida za tizilombo adaikana mpaka 1995. M'chaka chomwecho mkamwini wake Hussein Kamel, yemwe ankayang'anira mafakitale a zida, adathawira ku Jordan nkuulula zambiri, komanso adauza oyenderawo kuti zidazo zidawonongedwa kale. Mawu omalizawa ambiri sadawalabadire. Oyendera adachoka mu Iraq mu December 1998, ndipo kwa zaka zinayi kunalibe maso a UN m'dzikomo. Choncho munthu yemwe ankaganiza mu 2002 kuti Saddam adabisa kenakake sadali wopenga. Ambiri omwe ankadana ndi nkhondoyo ankaganizanso chimodzimodzi.

Ine vuto langa lili pa ndondomeko ya zinthu: chidayamba nchiyani, umboni kapena chiganizo chomenya nkhondo? Pa 23 July 2002 a Blair adakumana ndi akuluakulu awo ku ofesi yawo ya ku Downing Street. Mkulu wa akazitape a Britain a MI6, a Richard Dearlove, adali atangobwera kuchokera ku Washington, ndipo zolembedwa za msonkhanowo, zomwe nyuzipepala ya Sunday Times idatulutsa mu May 2005, zikuonetsa kuti adauza anzawo kuti a Bush atsimikiza kuchotsa Saddam ndi mfuti, ndipo umboni ukukonzedwa kuti ugwirizane ndi chiganizocho. Patatha masiku asanu a Blair adalembera a Bush kalata yachinsinsi yowalonjeza kuti adzakhala nawo zivute zitani. Apa nkuti oyendera a UN asadabwerere nkomwe ku Iraq, ndipo anthu wamba ankauzidwa kuti palibe chomwe chagamulidwa.

Kenako ng'oma idayamba kulira. Pa 26 August 2002 wachiwiri kwa pulezidenti, a Dick Cheney, adanena poyera kuti palibe chikayiko chilichonse, Saddam ali ndi zida zophera anthu miyandamiyanda. Mu September nkhani idali ya mapaipi a aluminiyamu omwe Iraq idafuna kugula kunja. A Condoleezza Rice, mlangizi wa a Bush pa za chitetezo, adauza wailesi ya kanema ya CNN kuti mapaipiwo ntchito yake yeniyeni ndi yokonzera bomba la nyukiliya. Chonsecho akatswiri a unduna wa zamphamvu wa America womwewo, omwe ndi eniake a luso limeneli, adali atalemba kale kuti kukula ndi kapangidwe ka mapaipiwo nkogwirizana ndi maroketi wamba omwe Iraq inkapanga. Kutsutsa kumeneku kudali m'mafayilo a boma, koma pa kanema sikudamveke.

Nkhani yomwe imationetsa bwino momwe zinkayendera ndi ya ku Niger, kuno ku Africa. Padamveka mphekesera yoti Iraq idagwirizana ndi Niger kugula matani 500 a yureniyamu, mwala womwe amapangira bomba la nyukiliya. Mu February 2002 CIA idatumiza kazembe wopuma, a Joseph Wilson, ku Niamey, likulu la Niger, ndipo adabwerako nkunena kuti nkhaniyo njokayikitsa kwambiri, poti migodi ya kumeneko inkayang'aniridwa ndi kampani ya ku France ndipo katundu wochuluka chotero sakadatuluka mobisa. Mu October 2002 a Tenet adachita kulowererapo okha kuti nkhaniyi ichotsedwe m'mawu omwe a Bush adakayankhula mu mzinda wa Cincinnati. Koma pa 28 January 2003, poyankhula ku mtundu wonse m'nyumba ya malamulo, a Bush adaibwezeretsa, itavala malaya ena: adati boma la Britain lapeza kuti Saddam posachedwapa adafuna yureniyamu wochuluka kuchokera ku Africa. Mawuwa adasemedwa mosamala. Nzoona kuti Britain idanena zimenezo, ndipo mpaka kafukufuku wa a Butler wa 2004 idaumirirabe kuti idali ndi umboni wake wina. Koma olemba mawu a pulezidenti ankadziwa kuti akazitape awo omwe akukana kuikira kumbuyo nkhaniyo, nchifukwa chake adaisenzetsa mnzawo. Pabwalo la amfumu, mboni yomwe yauzidwa kunyumba kuti nkhani iyi njokayikitsa, koma nkudzaima pagulu nkumati "ndidamva kwa uje" ndi cholinga choti anthu aikhulupirire, sitinganene kuti yangolakwitsa.

Pa 7 March 2003 mkulu wa bungwe loona za nyukiliya la IAEA, a Mohamed ElBaradei, adauza UN kuti makalata a mgwirizano wa Niger ndi Iraq ndi achinyengo. Ena mwa iwo adali ndi siginecha ya nduna yomwe idachoka paudindo zaka zoposa khumi m'mbuyomo. A Wilson atalemba za ulendo wawo mu New York Times mu July 2003, boma lidavomera kuti mawu aja sadayenere kulowa m'zoyankhula za pulezidenti. Patangotha sabata imodzi, dzina la akazi awo, omwe ankagwira ntchito yachinsinsi ku CIA, lidatuluka m'nyuzipepala, ndipo mkulu wa ofesi ya a Cheney, a Lewis Libby, adapezeka olakwa mu 2007 pa mlandu wonama kwa ofufuza nkhaniyo.

Nanga umboni wa a Powell udachokera kuti? Gawo lomwe lidaopsa anthu kwambiri lidali la mathiraki oyenda omwe amati mkati mwake amapangiramo tizilombo. Mwini nkhaniyi adali munthu mmodzi wa ku Iraq wopempha malo ku Germany, Rafid Ahmed Alwan al-Janabi, yemwe akazitape ankamutcha Curveball. CIA idali isadamufunse yokha mafunso nkhondo isadayambe, ndipo Ajeremani omwe ankamusunga adachenjeza kuti zonena zake sizidatsimikizike. Akale adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Mu 2011 al-Janabi adavomera ku nyuzipepala ya Guardian kuti adapeka zonse pofuna kuti Saddam agwe. Gawo lina, loti Iraq idaphunzitsa zigawenga za al-Qaeda kugwiritsa ntchito poizoni, lidachokera kwa mkaidi Ibn al-Shaykh al-Libi, yemwe adafunsidwa mafunso ku Egypt. Akazitape a asilikali a America adalemba mu February 2002 kuti mwina akungowasocheretsa, ndipo mu 2004 iye adabweza mawu ake nkunena kuti adayankhula pofuna kuti asiye kumuzunza. Za a Powell eniake, ndimakhulupirira kuti machenjezo ena sadawafike, ndipo mu 2005 adavomera kuti tsikulo lidasiya banga pa mbiri yawo.

Nkhani ya al-Qaeda ndiyo imandipweteka kwambiri. Mwa achiwembu 19 omwe adaukira America pa 11 September 2001, 15 adali a ku Saudi Arabia, wa ku Iraq padalibe. Komiti yomwe idafufuza chiwembucho idapeza mu 2004 kuti Saddam ndi al-Qaeda sankagwirira ntchito pamodzi. Koma dzina la Saddam ndi tsiku la chiwembucho zidatchulidwa limodzi kambirimbiri, mpaka kafukufuku wa Washington Post wa 2003 adapeza kuti anthu 69 pa 100 aliwonse ku America ankaganiza kuti mwina Saddam adatengapo mbali. Anthu adaloledwa kukhulupirira zomwe olamula ankadziwa kuti zilibe umboni.

Ku Britain kudatuluka chikalata pa 24 September 2002 chonena kuti Iraq ingathe kuponya zida zake m'mphindi 45 zokha. Nyuzipepala zidalemba ngati asilikali a Britain a ku Cyprus ali pangozi, pamene lipoti la akazitape linkanena za zida zapafupi za pabwalo la nkhondo, ndipo lidachokera kwa munthu mmodzi yemwenso adangomva kwa wina. Boma silidakonze kusamvetsako. Mu March chaka chomwecho komiti ya akazitape idali itanena kuti zomwe ikudziwa za Iraq nzapatalipatali ndi zoduka mutu, koma a Blair adauza aphungu kuti umboni ndi wochuluka, watsatanetsatane ndi wodalirika. Katswiri wa zida David Kelly, yemwe adauza mtolankhani wa BBC nkhawa zake pa chikalatachi, dzina lake lidaululidwa, ndipo adapezeka atafa pa 18 July 2003.

Si onse adagwa mu msampha. Oyendera a UN, motsogozedwa ndi a Hans Blix, adabwerera ku Iraq mu November 2002, adayendera malo mazanamazana, kuphatikizapo omwe America ndi Britain adawalozera, ndipo sadapeze nkhokwe za zida zoopsazo. Adapempha miyezi ingapo kuti amalize ntchito, osapatsidwa. A Nelson Mandela adadzudzula a Bush poyera mu January 2003. M'komiti ya chitetezo mudali mayiko atatu a mu Africa, Angola, Cameroon ndi Guinea, ndipo adakakamizidwa kwambiri kuti avomereze nkhondo. Katharine Gun, womasulira pa likulu la akazitape la GCHQ ku Britain, adaulula kalata yoonetsa kuti America inkafuna thandizo lomvetsera mobisa mafoni a nthumwi za mayikowa ndi ena. Mavoti okwanira sadapezeke, chiganizo chololeza nkhondo chidachotsedwa, ndipo nkhondo idayamba popanda icho. A Kofi Annan, omwe adali mlembi wamkulu wa UN, adanena mu 2004 kuti inkatsutsana ndi malamulo a UN.

Saddam atagwa, gulu la akatswiri oposa 1,000 lidasakasaka dziko lonse. Mtsogoleri wake woyamba, a David Kay, adauza aphungu a America mu January 2004 kuti pafupifupi onse adalakwitsa. Lipoti la a Charles Duelfer la chaka chomwecho lidapeza kuti Iraq idawononga nkhokwe zake cha mu 1991, ngakhale Saddam ankalakalaka kudzayambiranso zilango zamalonda zikadzachotsedwa. Ankadzionetsa ngati ali ndi kanthu makamaka poopa Iran.

Omwe amaikira kumbuyo a Bush amatchula komiti ya Robb ndi Silberman ya 2005, yomwe idati akazitape adalakwitsa kotheratu ndipo siidapeze umboni woti andale adawakakamiza. Nzoona, koma komitiyo siidapatsidwe mphamvu yofufuza momwe andalewo adagwiritsira ntchito zomwe adauzidwa. Funso limenelo lidafufuzidwa ndi komiti ya nyumba ya malamulo ya America ya Senate mu 2008, ndipo wapampando wake, a Jay Rockefeller, adati boma linkapereka ngati zoona zinthu zosatsimikizika, zotsutsidwa, ngakhale zomwe kunalibe. Ku Britain mlandu sudaole: lipoti la a John Chilcot lidatuluka pa 6 July 2016, patatha zaka zisanu ndi ziwiri za kafukufuku. Silidanene kuti a Blair adanama, koma lidati kuopsa kwa zida za Iraq kudafotokozedwa motsimikiza kuposa momwe umboni unkalolera, ndipo Britain idalowa nkhondo njira zamtendere zisadathe.

Ine ndikukhulupirira kuti a Bush ndi a Blair ankayembekezeradi kupeza zida. Akadadziwa kuti kulibe, sakadatumiza gulu lalikulu chotero kukazisaka dziko lonse likuonerera. Koma aphungu ndi makolo a asilikali adauzidwa kuti chikayiko palibe, pomwe chikayikocho chidali pamadesiki a omwe ankayankhulawo, cholembedwa ndi akatswiri awo omwe. Ku funso loti kodi adanama, pamenepa ndipo ndimayankha kuti inde. Nyumba ya Senate idavomereza nkhondo ndi mavoti 77 kwa 23, nyumba ya malamulo ya ku Britain 412 kwa 149, ndipo ambiri mwa ovotawo sadaone zomwe zidachotsedwa.

Asilikali a America pafupifupi 4,500 ndi a Britain 179 adafera ku Iraq. Bungwe la Iraq Body Count, lomwe limawerenga imfa zokhazo zomwe zidalembedwa penapake, lawerenga anthu wamba oposa 180,000 ophedwa pa ziwawa kuyambira 2003. Gulu la al-Qaeda, lomwe silidali pa mgwirizano ndi Saddam, lidazika mizu m'chipwirikiti chomwe nkhondoyo idasiya, ndipo mphukira yake, ISIS, idalanda mzinda wa Mosul mu June 2014.