Kodi kusiya kusamba ndi komwe kumabweretsa matenda oiwalaiwala?

Funso limeneli ndimalimva pafupipafupi kwa azimayi a zaka za m'ma 40 ndi 50, amabwera ali ndi mantha ndithu, akuti adokotala ndikumalowa kuchipinda nkungoima osadziwa chomwe ndadzatenga, dzina la munthu woti ndimamudziwa bwinobwino likumandithawa, kodi mutuwu wayamba kutha? Nthawi zambiri ayi. Koma funsolo silachabe, mahomoni ndi ubongo zimayendera limodzi kuposa mmene ambiri amaganizira.

Estrogen anthu amangoidziwa ngati homoni ya msambo ndi kubereka basi, pomwe ubongo nawo umaidalira. Kachigawo kena ka ubongo kotchedwa hippocampus, komwe kamasunga zatsopano zomwe mwamva kapena kuona, kali ndi malo ambiri olandirira estrogen. Homoniyi imathandiza maselo a ubongo kupeza mphamvu kuchokera ku shuga komanso kuti azilumikizana bwino. Ndiye mayi akamayandikira kusiya kusamba, ambiri pakati pa zaka 45 ndi 55, estrogen siitsika mwadongosolo ayi, imakwera nkutsika, kukwera nkutsika kwa zaka zingapo kenako nkutsikiratu, apa muwonjezerepo kutentha thupi kwadzidzidzi ndi thukuta la usiku lokudzutsani katatu kanayi. Munthu wosagona amaiwala olo akhale wa zaka 25. Kuiwala kwa mtundu uwu kwa ambiri kumachepa thupi likazolowera.

Dementia, omwe ndi matenda oiwalaiwala enieniwo, ndi nkhani ina. Munthu amafunsa funso lomwelomwelo kangapo pa ola limodzi, amasochera panjira yomwe wakhala akuyenda moyo wake wonse, kuwerengera ndalama kumamukanika, ndipo zimangoipiraipira. Kawirikawiri amayamba kudandaula ndi achibale osati mwiniwakeyo.

Chomwe chimavutitsa mitu ya akatswiri ndi ichi, mwa anthu atatu alionse odwala Alzheimer's, mtundu wa dementia wofala kwambiri, pafupifupi awiri ndi azimayi. Zoona azimayi amakhala moyo wautali kuposa azibambo ndipo ukalamba ndiye chiopsezo chachikulu, koma ambiri akuganiza kuti pali zinanso. Mu 2007 a Mayo Clinic ku America anatulutsa kafukufuku woonetsa kuti azimayi omwe anawachotsa matumba a mazira pa opaleshoni asanafike posiya kusamba anali pachiopsezo chokulirapo chodzavutika ndi kuiwala akakalamba, makamaka omwe anachotsedwa ali achichepere. Nchifukwa chake ine ndimati pochotsa chiberekero, ngati palibe chifukwa chenicheni monga khansa kapena chiopsezo chake, mazirawo asamangochotsera limodzi.

Ndiye mwina mukuti aaa zophweka, tingowapatsa estrogen azimayi onse nkhani ithe. Madokotala ambiri m'zaka za m'ma 1990 ankaganiza chimodzimodzi. Kenako mu 2003 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa WHIMS, azimayi oposa 4,500 a zaka 65 kupita mmwamba, ena anapatsidwa estrogen pamodzi ndi homoni ina yotchedwa progestin, ena mapilisi opanda mankhwala. Omwe ankamwa mahomoni aja dementia inawapeza mowirikiza kawiri. Anthu anakhumudwa kwambiri ndipo azimayi ambirimbiri anasiya mankhwalawa.

Koma taonani zakazo, 65. Ambiri mwa iwo anali atasiya kusamba kalekale. Apa mpamene panabadwira ganizo loti nthawi yoyambira ndiyofunika, kuti estrogen mwina imathandiza ubongo womwe ukadali bwino koma ikafika mochedwa, mitsempha ya magazi itayamba kale kuuma, imatha kuwononga. Ganizo lomveka ndithu. Kungoti atayesa kwa azimayi omwe angosiya kumene, pa kafukufuku wa KEEPS ndi ELITE, sanapeze kuti mahomoni awawonjezera kukumbukira, komanso sanapeze kuti awawononga. Mu 2023 ku Denmark anapeza dementia yochulukirapo mwa omwe anamwapo mahomoni, koma uyu anali kafukufuku wongoona m'mafayilo a odwala, ndiye nkutheka kuti ena anapatsidwa mankhwalawo chifukwa cha zizindikiro zomwe zinali kale chiyambi cha matendawo.

Mmene ndimaonera ine, mayi yemwe kutentha thupi kwamusowetsa mtendere ndipo sanakwane zaka 60, mahomoni angamuthandize kwambiri akakambirana ndi dokotala za mbiri yake ya khansa ya m'mawere, sitiroko kapena kuundana kwa magazi. Koma kumwa ncholinga chongoteteza ubongo, ayi, umboni wake palibe.

Palinso homoni ina yomwe sitchulidwatchulidwa, FSH, iyi imakwera kwambiri estrogen ikamatsika. Mu 2022 magazini ya Nature inasindikiza kafukufuku woti ataitsekereza mu mbewa, zizindikiro za Alzheimer's zinachepa. Zosangalatsa, koma ndi mbewa zimenezo.

Azibambo musaone ngati sizikukukhudzani. Testosterone, homoni ya azibambo, imatsika pang'onopang'ono ndi zaka, ndipo ina mwa iyo ubongo umaisandutsa estrogen yomweyo. Koma atayesa kupatsa testosterone azibambo a zaka 65 kupita mmwamba omwe inali yotsika, zotsatira za mu 2017 zinaonetsa kuti kukumbukira sikunasinthe.

Pomwe umboni uli wolimba ndi pa zinthu zosatchuka. Lipoti la 2024 la magazini ya zachipatala ya Lancet linatchula zinthu 14 zoti munthu angasinthe, monga BP, shuga, fodya, mowa wambiri, kusamva bwino, kungokhala osachita masewera olimbitsa thupi ndi kukhala wekhawekha, ndipo linati zimenezi zimakhudza pafupifupi 45 peresenti ya dementia yonse. Zaka zosiya kusambazi ndi zomwenso BP ndi mafuta a m'magazi zimakonda kukwera mwakachetechete, ndiye mukapita kuchipatala chifukwa cha kuiwala apempheni ayeze zimenezi, pamodzi ndi chithokomiro ndi vitamini B12, chifukwa izi nazo zimaiwalitsa ndipo mankhwala ake alipo.