Madzi a laimu m'nyumba za ku Lusaka: zimene amawononga ndi zimene sawononga

M'madera ambiri a mzinda wa Lusaka, makamaka kumene anthu akumba zitsime zawozawo monga ku Chalala, Makeni ndi Ibex Hill, madandaulo a madzi amafanana. Ketulo imamata zoyera ngati choko, sopo sachita thovu, timabowo ta shawa timatseka, ndipo nyemba zimakhalitsa pamoto. Onsewa ndi mavuto a madzi a laimu, kutanthauza madzi amene muli kashiamu ndi maginiziyamu wambiri wosungunuka.

Gwero lake ndi miyala imene mzindawu unakhalapo. Pansi pa gawo lalikulu la Lusaka pali miyala ya laimu, mtundu womwewo umene amaphwanya ku Chilanga popanga simenti. Madzi a mvula akamalowa m'nthaka amatenga mpweya umene umawachititsa kukhala ndi asidi pang'ono, ndipo amasungunula miyalayi pang'onopang'ono. Madzi a m'mipope ya mumzindawu ena amachokera mumtsinje wa Kafue, ena m'zitsime zakuya, n'chifukwa chake nyumba za m'madera oyandikana zimatha kusiyana. Amene amakhala ku London amalidziwanso vutoli, poti pansi pa kum'mwera chakum'mawa kwa England pali choko.

Kodi ndi oopsa kumwa?

Ayi. Kashiamu ndi maginiziyamu ndi michere imene thupi limafuna kuti mafupa ndi minofu zigwire bwino ntchito, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO silinaike malire a zaumoyo pa kuchuluka kwa laimu m'madzi akumwa. Anthu ambiri akaona zoyera za m'ketulo amaganiza kuti zomwezo zikumata mu impso. Thupi siligwira ntchito motero. Chimene chimadziwika bwino kuti chimayambitsa timiyala ta mu impso ndi kumwa madzi ochepa, pamodzi ndi kudya mchere wambiri. Munthu amene wachepetsa kumwa madzi poopa laimu ndiye akudziika pachiswe, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala.

Choopsa chenicheni chili pena, ndipo apa mpofunika kumvetsetsa. Miyala ya laimu ikasungunuka imasiya ming'alu ndi mphako, ndipo madzi amayenda mofulumira m'menemo osasefedwa ndi dothi. Zochokera m'zimbudzi zokumba ndi m'maenje a zimbudzi za madzi zimatha kufika pachitsime m'kanthawi kochepa, makamaka m'dzinja pamene madzi a pansi akwera. Kolera amene anayamba mu Okutobala 2017 anakhudza kwambiri makomboni a mu Lusaka ngati Kanyama ndi Chipata, ndipo anabweranso mwamphamvu kumapeto kwa 2023. Choncho mayi amene wasiya kuwiritsa madzi chifukwa akuipitsa poto wasinthanitsa vuto la poto ndi vuto la moyo wa ana. Madzi a pachitsime chimene sichinayezedwe awire mogaduka kwa mphindi imodzi, kapena athiridwe klorini molingana ndi muyezo wolembedwa pabotolo, n'kudikira mphindi 30 musanamwe. Zoyera zimene zimatsalira pansi pa poto si poizoni. Asiyeni madziwo adikhe, kenako tsanulani a pamwamba m'chigubu choyera cha chivindikiro.

Kuyeza

Laimu amayezedwa ndi mamiligalamu pa lita imodzi. Osafika 60 ndiye kuti laimu ndi wochepa, 60 mpaka 120 ndi wapakatikati, 120 mpaka 180 ndi wambiri, ndipo kupitirira 180 ndi wochuluka kwambiri. Akafika cha m'ma 200, zoyera zija zimayamba kuunjikana msanga m'mapaipi ndi m'ziwiya zotenthetsera madzi. Kunyumba mungayese motere: thirani madzi a pampope mpaka theka la botolo loonekera, ndipo m'botolo lina thirani madzi a mvula ofanana. Palirani tizidutswa tofanana ta sopo wa mtanda m'mabotolo onsewa, tsekani, khutchumulani. A mvula achita thovu lambiri, a laimu achita mbuu ndi tinthu toyandama. Musayesere sopo wa ufa kapena wamadzi wotsukira mbale, chifukwa ameneyu anapangidwa kuti azichita thovu ngakhale m'madzi a laimu. Mukamatumiza madzi ku labotale, kuyeza tizilombo ta m'chimbudzi ndi nayitireti (mchere wochokera ku zimbudzi ndi feteleza) kukhale patsogolo, laimu pambuyo.

Ketulo, giza ndi shawa

Laimu amatuluka m'madzi akatentha, ndipo kupitirira madigiri 60 amatuluka mofulumira. Akakuta chitsulo chotenthetsera, kutentha kumavutika kufika kumadzi, magetsi amapita ambiri, chitsulocho chimatentha mopyola muyezo mpaka kupsa. Giza, thanki yotenthetsera madzi osamba, ikayamba kulira ngati muli timiyala, kapena madzi otentha akamatuluka ofooka pamene ozizira akutuluka bwino, vuto limakhala limeneli. Ikani giza pa madigiri 60. Kukweza kuposa apo kumachulukitsa laimu, koma kutsitsa kwambiri nakonso n'koipa chifukwa madzi ofunda amaswanitsa tizilombo ta Legionella toyambitsa chibayo. Pulambala atsegule giza ndi kuchotsa zounjikana kamodzi pachaka kumene laimu ndi wochuluka.

Ketulo ndi yosavuta. Sakanizani viniga woyera ndi madzi muyezo wofanana mpaka chitsulo chimire, wiritsani, zimitsani, siyani kwa ola limodzi. Tayani, tsukuluzani, kenako wiritsani madzi okhaokha kawiri n'kutaya kuti fungo lichoke. Madzi a mandimu amagwiranso ntchito, kungoti amachedwa. Musapale ndi mpeni, mungaboole chitsulo. Mutu wa shawa umasuleni, uviikeni mu viniga usiku umodzi, ndipo m'mawa tsegulani timabowo ndi mswachi wakale. Viniga asakhudze matailosi a mwala wa mabo, poti nawonso ndi laimu ndipo amadyeka.

Chenjezo lalikulu: viniga kapena mandimu asasakanizidwe ndi Jik kapena mankhwala ena alionse a klorini. Zikakumana zimatulutsa mpweya wa poizoni umene umapsereza maso ndi mapapo, ndipo m'bafa lotseka ungamugwetse munthu.

Kuchapa ndi kuphika

Sopo wa mtanda akakumana ndi kashiamu amasanduka zonanda zotuwa zimene zimamatirira ulusi wa nsalu. Malaya oyera a sukulu amayamba kuoneka otuwa, matawulo amauma gwa. Kuwonjezera sopo yemweyo kumangochulukitsa zonandazo. Sopo wa ufa amachita bwino m'madzi otere. Soda wochapira, masipuni aakulu awiri m'ndowa ya malita 20, amagwetsa laimu musanathire sopo, koma valani magolovesi chifukwa amadya manja, ndipo soda ameneyu si wophikira. Potsukuluza komaliza, theka la kapu ya viniga m'ndowa limafewetsa nsalu. M'dzinja kingani madzi a mvula a padenga kuti muzichapira.

Nyemba, nandolo ndi khobwe zimachedwa kupsa chifukwa kashiamu amalimbitsa khungu lake. Ziviikeni usiku wonse m'madzi owiritsa kale amene mwatsanula pamwamba, ndipo tomato muthire zitafewa, poti zowawasa nazo zimaumitsa nyemba. Soda wophikira kapena chidulo zimafewetsa msanga, koma zikachuluka zimawononga mavitamini ena a gulu B, ndiye kotsina kokha n'kokwanira.

Khungu

Zonanda za sopo zimatsalira pakhungu ndi m'tsitsi, munthu n'kumamva kuuma ndi kuyabwa akachoka kosamba. Kwa ana amene ali ndi chikanga izi zimanyerenyetsa kwambiri. Komabe kafukufuku amene anachitika ku Britain, wofalitsidwa mu 2011, anapeza kuti kuika makina ochotsa laimu m'nyumba sikunachepetse chikanga cha ana kuposa chithandizo cha masiku onse. Chothandiza n'kusamba mwachidule ndi madzi ofunda, sopo pang'ono wopanda mafungo, kutsukuluza bwino, ndi kudzola mafuta monga Vaseline khungu likadali lonyowa pang'ono. Khungu likang'ambika, kutulutsa madzi kapena mafinya, pitani naye mwanayo kuchipatala. Mano a ana akamachita mawanga ofiirira, ameneyo si laimu, akhoza kukhala fulorayidi wochuluka, mchere wina wopezeka m'madzi a pansi, ndipo kuwiritsa sikumuchotsa.

Musanagule makina

Makina ochotsa laimu amene amathiridwa mchere amachotsa kashiamu n'kuikapo sodiyamu wa mumcherewo. Amateteza giza ndi mapaipi, koma sapha tizilombo ngakhale pang'ono, ndipo madzi ake sayenera kusungunulira mkaka wa makanda kapena kumwedwa ndi amene anauzidwa kuchipatala kuti achepetse mchere chifukwa cha BP, mtima kapena impso. Uzani pulambala asiye mpope umodzi wa kukhitchini usadutse m'makinamo. Zosefera wamba za makala zimakonza fungo ndi kakomedwe koma sizichotsa laimu. Makina a reverse osmosis, amene amakankhira madzi pa sefa ya timabowo tating'ono kwambiri, amachotsa laimu, nayitireti ndi fulorayidi, kungoti amataya madzi ambiri posefa, ndipo zosefera zake ziyenera kusinthidwa pa nthawi imene opanga analemba.