Ndani adapha namasupuni wa pa Nyanja ya Victoria?

Mu 1998 namasupuni adatseka doko la Kisumu ku Kenya. Adayala pamadzi kuchokera kugombe mpaka komwe maso amathera, sitima za katundu zidalephera kukocheza, ndipo mabwato a asodzi ankakodwa m'kati mwake. Zithunzi za setilaiti zidasonyeza kuti chaka chimenecho adaphimba mahekitala oposa 17,000 a Nyanja ya Victoria. Koma pomwe chimakwana chaka cha 2000, wambiri adali atavunda ndi kumira. Chomwe chidamupha ndi nkhani imene akatswiri adakanganapo kwa zaka.

Kwawo kwa namasupuni ndi ku South America, m'chigwa cha mtsinje wa Amazon. Kumeneko savutitsa kwenikweni chifukwa ali ndi adani omudya. Chidamutulutsa kwawo ndi duwa lake lokongola, lomwe anthu adalikonda n'kumalibzala m'timadamu ta pakhomo. Ku United States akuti adafalikira kuchokera pa chionetsero cha zamalonda chomwe chidachitika ku New Orleans mu 1884, ndipo pasanathe zaka zambiri adali atatseka mtsinje wa St Johns ku Florida. Mu 1899 boma lidapatsa gulu la mainjiniya a asilikali udindo womuchotsa. Anthu adathedwa naye nzeru kotero kuti mu 1910 phungu wina wa ku Louisiana, Robert Broussard, adapita kunyumba ya malamulo ndi ganizo loti akatenge mvuu ku Africa zidzamudye, anthu nawo azidya mvuuzo. Ganizolo lidafera m'mazira. Adachita mwayi, chifukwa akadakhala ndi mavuto awiri.

Mu Africa adayambira ku Egypt chisanafike chaka cha 1900. M'zaka za m'ma 1950 adawanda mu mtsinje wa Congo, kenako mu White Nile ku Sudan. Pa Nyanja ya Victoria adaoneka mu 1989, ndipo njira yake yaikulu idali mtsinje wa Kagera wochokera kumapiri a Rwanda ndi Burundi.

Adapeza nyanja yodwala kale. Mizinda ya Kampala, Kisumu ndi Mwanza idali ikukula, zonyansa za m'zimbudzi ndi za m'mafakitale zikutsikira m'nyanja, pamodzi ndi dothi ndi feteleza wokokoloka m'minda. Zonsezo kwa namasupuni ndi chakudya. Madzi akakhala ofunda ndi achonde chotere, malo omwe waphimba amatha kuwirikiza kawiri m'masabata awiri okha, popeza amabereka ana m'mbali mwake osadikira mbewu. Mbewu nazo zilipo, ndipo zikamira m'matope zimatha kukhala zamoyo zaka zoposa khumi ndi zisanu. Pansi pa mkeka wa namasupuni dzuwa silifika ndipo mpweya umachepa. M'mizu yake mumabisala nkhono zofalitsa likodzo, m'madzi odikha pakati pake mumaswana udzudzu. Ku Jinja, m'dziko la Uganda, ankatseka zosefa za pa damu la magetsi la Owen Falls, lomwe lero limatchedwa Nalubaale, moti makina ankazimitsidwa kawirikawiri kuti amuchotse.

Njira zolimbana naye zidali zitatu, ndipo iliyonse idali ndi eni ake oikankhira patsogolo. Ena ankati athire mankhwala monga 2,4-D ndi glyphosate, omwe amapha msanga. Koma anthu mamiliyoni amamwa madzi a m'nyanjayi, nsomba zake zimagulitsidwa ku Ulaya, ndipo madzi omwewo ndiwo amatsika mu Nile. Mayiko atatu ozungulira nyanjayi, Uganda, Kenya ndi Tanzania, sadalole kuthira mankhwala panyanja. Ena ankakhulupirira makina. Mu 1999 kampani ya ku America ya Aquarius Systems idabweretsa mabwato odula namasupuni zidutswazidutswa ku Winam Gulf, chigawo cha nyanja chomwe chimafika ku Kisumu. Makina ndi abwino potsegula doko kapena pakamwa pa paipi ya madzi, koma nyanja ya masikweya kilomita pafupifupi 68,000 siingalimidwe ngati dimba.

Njira yachitatu idali yoseketsa kwa ambiri: tizilombo tiwiri ta mtundu wa anankafumbwe, Neochetina eichhorniae ndi Neochetina bruchi, tochokera kwawo komweko kwa namasupuni. Tidali titayesedwa kale ku America kuyambira 1972, kenako ku Australia, Sudan ndi Benin, ndipo zidadziwika kuti sitikhudza mbewu za m'munda. Uganda idayamba kutitulutsira pa Nyanja ya Victoria mu 1995 motsogozedwa ndi katswiri wa tizilombo James Ogwang, Kenya idatsatira mu 1997. Ntchito yambiri idayendera mu pulojekiti yosamalira chilengedwe cha Nyanja ya Victoria yotchedwa LVEMP, yomwe ndalama zake zidachokera ku World Bank ndi Global Environment Facility.

Kachilombo kakakulu kamabisala masana, usiku n'kumakanda masamba kusiya timabala. Koma wakupha weniweni ndi mphutsi yake. Mazira amaikiridwa m'phesi la tsamba, mphutsi n'kuboola kutsika mpaka pamtima pa chomera. M'mabowomo mumalowa madzi ndi tizilombo tovunditsa, chomeracho chimafooka, chimasiya kubereka, mapeto ake chimamira. Zimenezi sizichitika mwezi umodzi. Pamafunika zaka zitatu kapena kuposerapo kuti tizilomboti tichuluke mokwanira, ndipo nthawi yonseyo msodzi akuona doko lake lili chitsekekere, nduna ikufunsidwa mafunso.

Pamenepa ndi pomwe pali ntchito imene siilembedwa m'nyuzipepala. Tizilomboti tinkawetedwa m'mathanki ndi m'migolo m'madoko a asodzi, ndipo asodzi eni ake adaphunzitsidwa kutitola ndi kukatimwaza pamikeka ya namasupuni. Ogwira ntchito yolondola ankapita ndi bwato pamalo omwewo mobwerezabwereza, kuzula zomera, kuyeza kutalika kwa mapesi, kuwerenga timabala pa tsamba lililonse, kung'amba mapesi kufuna mphutsi, n'kulemba m'kaundula. Ndi ntchito yotopetsa, yonyowa, ya m'malo a njoka ndi ng'ona. Popanda manambala amenewo, zithunzi za setilaiti zikadangonena kuti namasupuni wachepa, osanena chifukwa.

Vuto ndi loti kumapeto kwa 1997 kudagwa mvula ya El Niño, imodzi mwa zamphamvu kwambiri m'zaka za m'ma 1900. Nyanja idakwera kuposa mita imodzi, mphepo ndi mafunde zidazula mikeka m'magombe n'kuikankhira pakati pa nyanja pomwe idaphwanyika. Mu 2005 Adrian Williams ndi anzake adalemba mu magazini ya sayansi ya Aquatic Botany kuti mitambo ya nyengo imeneyo idachepetsa kuwala kwa dzuwa ndipo idafooketsa namasupuni, choncho tizilombo tisatengere tokha ulemu. Mu 2007 John Wilson ndi gulu la akatswiri a tizilombo adayankha mu magazini yomweyo. Mfundo yawo idali yoti namasupuni amakula bwino m'mayiko ena a mitambo yochuluka chimodzimodzi, komanso kuti m'zigawo zosiyanasiyana za nyanja adagwa motsatira nthawi yomwe tizilombo tidachulukira kumeneko.

Ine ndimaona kuti gulu la Wilson lidali ndi umboni wolemera. Mafunde amaphwanya msanga chomera chobooledwa kale, ndipo mvula yokha siingafotokoze chifukwa chake namasupuni adakhala wochepa zaka zingapo mitambo itapita. Komabe a Williams adafunsa funso lomwe opambanawo adalipeputsa: kodi abweranso? Amene akhulupirira kuti tizilombo tidamaliza nkhondo amaiwala zonyansa zolowa m'nyanja. Amene akhulupirira kuti idali nyengo chabe saona chifukwa cholipirira munthu wowerenga timabala pamasamba. Ndipo tizilomboti tili ndi chofooka chake: namasupuni akatha, nato timafa ndi njala, choncho mbewu za m'matope zikamera zimapeza adani ochepa.

Gawo loyamba la LVEMP lidatha mu 2005. Kumapeto kwa 2006, itagwa mvula yambiri, namasupuni adadzazanso Winam Gulf, ndipo adachitanso chimodzimodzi cha m'ma 2016 ndi 2017. Ku Rwanda tizilombo tidatulutsidwa mu 2000 pofuna kutseka vuto kugwero kwake, koma mu Kagera sitidakhazikike ngati panyanja. Madzi a mumtsinje amathamanga, ndipo amanyamula namasupuni ndi tizilombo take tomwe n'kukamutula m'nyanja tisanachuluke.