Mbale ya tizidutswa, ntchito yake imathera pa sowo

Anthu akalowa mu shedi mwanga nkuona mbale yamawangamawanga ili pa shelefu funso lawo limakhala limodzi, mwapenta bwanji mizere yowongoka chonchi? Ndimawauza kuti palibe penti apa, zofiirazo ndi mlombwa, zakudazo ndi phingo, zoyerazo ndi malaina, ndipo mbale yonseyi ndi tizidutswa 85 tomata ndi guluu. Ena sakhulupirira mpaka ayikande ndi chikhadabo. Pachizungu luso limeneli amati segmented turning, ndiye poti ambiri mwakhala mukundifunsa kuti munthu ayambire pati, ndati lero ndifotokoze.

Mbale wamba timaisema kuchokera ku chipika chimodzi, kuchimanga pa lathe, makina aja ozunguza mtengo omwe timapangira miyendo ya matebulo, nkumafukula mkati mpaka gawo lalikulu la mtengowo lathera pansi ngati utuchi. Iyi ndi ina. Mumadula tizidutswa tamapeto opendekera, nkutilumikiza kuti tipange mkombero ngati wa lichero, kenako mikombero ingapo, wina waung'ono wina wokulirapo, mumaisanja pamwamba pa inzake mpaka chituluke chinthu chonga mbale koma chamakonamakona chosaoneka bwino. Lathe imangobwera kumapeto kudzasalaza. Mbale yanga ija ndi mikombero 7 ya tizidutswa 12 uliwonse, kuphatikiza kathabwa kapansi.

Tsono apa mpomwe ambiri amagwa ulesi chifukwa pali samu. Osaopa, ndi ya ku pulayimale. Bwalo lili ndi madigiri 360, kachidutswa kalikonse kali ndi mapeto awiri, choncho mumangogawa theka la 360, lomwe ndi 180, ndi chiwerengero cha tizidutswa. Tikakhala 12 mudule pa madigiri 15, tikakhala 8 ndi 22.5, tikakhala 16 ndi 11.25. Utali wa kachidutswa mbali yakunja, pa tizidutswa 12, mumachulukitsa kukula kwa mkombero, kuyeza modutsa pakati kuchokera mbali ina kufika mbali inayo, ndi 0.268, ndiye mkombero wa masentimita 20 ukufuna tizidutswa ta masentimita 5.4. Basi samu yatha.

Vuto ndi lakuti sowo samva samu. Mkombero wa tizidutswa 12 uli ndi malo odulidwa 24, mukaphonya ndi theka la digiri lokha paliponse, kumapeto mwaphonya ndi madigiri 12, ndipo pa mkombero wa masentimita 20 umenewo ndi mpata woti chala nkulowa. Theka la digiri ndi maso simungalione nkomwe. Mbale yanga yoyamba ndinachita makani, mipatayo ndinaitseka ndi utuchi wosakaniza ndi guluu nkumadzinamiza kuti vanishi abisa, aaa vanishiyo ndi amene anadzaionetsa bwino, mizere yonyansa ngati zipsera. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndadula tizidutswa 12 ta paini wachabechabe, kutisonkhanitsa popanda guluu, kukweza mkomberowo kuloza kudzuwa. Kuwala kukadutsa penapake ndiye kuti sowo sanakhale bwino, ndisunthe pang'ono ndidulenso, ngakhale kanayi kasanu, mlombwa sindiukhudza mpaka kuwala kutasiya kudutsa. Ku America wina dzina lake Jerry Bennett anapanga kachipangizo kotchedwa wedgie sled kokhala ndi zotsamiritsa thabwa ziwiri, kamene kamathetsa vuto limeneli, ndipo munthu wodziwa ukalipentala atha kukhoma kake ndi plywood.

Njira ina yopulumukira ngati mpata uli wochepa, matani theka la mkombero palokha, theka linalo palokhanso, zikauma mukhutize mapeto ake pa sandipepa womatidwa pa galasi kapena pa thabwa losalala mpaka matheka awiriwo akumane bwinobwino. Mkombero umatuluka wobulungira mopotoka pang'ono koma lathe imadzakonza.

Zopanira musadandaule nazo. Malegeni a chubu cha njinga amagwira ntchito, kukulunga molimba kuzungulira mkombero, kapena tizitsulo tija tomangira mapaipi a galimoto kutilumikiza tiwiri titatu. Guluu ndi woyera yemweyu wa matabwa.

Posanja mikombero chitani ngati mmisiri wa njerwa, polumikizira pa mkombero wapamwamba pagwere pakati pa kachidutswa kapansi. Si zokongoletsa chabe ayi. Guluu sagwira bwino pa mapeto a thabwa chifukwa pamenepo mtengo umamwa guluuyo ngati udzu womwera, mphamvu yeniyeni ya mbale imachokera pomwe mkombero wagona pa unzake. Mukalondoleza zolumikizira zonse mzere umodzi mbaleyo idzang'ambika kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ndipo mkombero uliwonse usalazidwe mbali zonse ziwiri musanaumate, komanso ukhale pakati penipeni, mukalola umodzi kutsetsereka guluu ali wamadzi maluwa anu onse apendama.

Za matabwa tsopano, apa ndikhalitsepo. Mtengo ngakhale unadulidwa kalekale umapumabe, dzinja umafufuma, mu Okutobala umabwerera, ndipo umachita zimenezi m'mimba mwake osati m'litali. Nchifukwa chake mitsempha ya tizidutswa tonse iyenera kugona mozungulira mbale, osati kena kayimirire kena kagone, apo ayi tidzakokana mpaka guluu atagonja. Thabwa laliwisi musayerekeze nkomwe, lija mwagula dzulo pamsika likadali lozizira mukaligwira, liyikeni pamthunzi miyezi ingapo. Kathabwa kapansi nako kakhale kakang'ono, kakakula kamafufuma kwambiri nkuswa mkombero woyamba.

Mlombwa ndimaukonda chifukwa ukauma sutakataka kwambiri ndipo mpeni umayenda bwino. Mbawa nayo ilibe vuto. Phingo ndi wokongola koma ndi wamwano, wolemera moti amamira m'madzi, amabunthitsa zitsulo msanga, komanso ali ndi mafuta ake amene amakana guluu, ndiye musanamate pukutani ndi acetone, mankhwala aja ochotsera penti wa m'zikhadabo. Phingoyu watsala wochepa ndipo kuyambira 2017 malonda ake a kunja amayang'aniridwa ndi pangano la CITES, la maiko loteteza nyama ndi zomera kuti zisathe, ine ndimangogwiritsa ntchito nyenyeswa zotsala kwa anzathu osema ziboliboli, kachidutswa konga chala kamakwanira kuwalitsa mbale yonse. Kukoma kwa luso limeneli nkomweku, zimene ena akukolezera moto inu mukupangira katundu. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri nkuyika paini pambali pa phingo poti wina ndi woyera wina wakuda. Paini ndi wofewa, sandipepa amamudya msanga kusiya phingo atatumphuka, mbale nkukhala ya mabampu mukaisisita, kuwonjezera apo fumbi lakuda limalowa m'thabwa loyeralo nkulidetsa osachokanso. Sankhani mitengo yolimba mofanana.

Mawanga ake yambani ndi osavuta, mitundu iwiri mosinthanasinthana, mkombero uliwonse kuusuntha pang'ono, imatuluka mizere yokwera mozungulira. Ray Allen wa ku Arizona anatchuka potengera zojambula za pa miphika ya anthu oyambirira a dera limenelo, ndipo ine ndimati nafenso tisavutike kukopera za eni, timakona tija ta pa malichero, pa mphasa ndi pa mitsuko ya agogo athu tonse timatheka ndi tizidutswa. Mtsuko wa maluwa wautali wapakamwa pang'ono musauthamangire, umafuna kumata mikombero ingapo, kusema mkati, kumatanso ina, chifukwa mukatseka kukamwa mpeni sufikanso pansi.

Pa lathe dikirani tsiku lathunthu guluu aume. Yambani pang'onopang'ono poti makona aja amamenya mpeni ngati mukuyenda pa msewu wa mabampu, mbale ya masentimita 20 ine sindipitirira maulendo 1000 pa mphindi ngakhale itabulungira kale. Valani chotchinga nkhope yonse osati magalasi okha, ndipo poyatsa makina imani pambali, kachidutswa kosamatika bwino kamauluka ngati mwala wa legeni. Chotseka pamphuno nachonso, fumbi la phingo limayabwa ndipo ena limawatulutsa tiziphuphu. Mukamaliza, mbale yokhalira zipatso kapena mtedza muipake mafuta kapena phula la njuchi, koma ndiwo zamsuzi ayi, komanso muwauziretu ogula kuti asaiviike m'beseni ndi mbale zinzake.