Mafunso amene atichulukira ku gawo la odwala mafupa

Madandaulo okhudza mzere wa opareshoni achuluka, ndipo ambiri akubwera chifukwa chosadziwa momwe timasankhira odwala. Nawa mayankho athu.

Dokotala wina wati fupa lang'aluka, wina wati lathyoka. Wolondola ndani?

Onse awiri. Fupa long'aluka ndi lothyoka ndithu, kungoti zidutswa sizinasunthe. Kubinya n'kwina: yavulala ndi minyewa yogwira mfundo, fupa lili bwinobwino.

Ndinafika kale. Bwanji wobwera dzulo walowa ku fiyeta ine ndikadali pabedi?

Mzere wathu suyendera tsiku lofika. Timayamba ndi amene akhoza kutaya moyo kapena chiwalo akachedwa. Munthu amene bala lake lafika pafupa lothyokalo ayenera kulandira msanga mankhwala opha majeremusi ndi jakisoni wa kafumbata, balalo n'kutsukidwa, chifukwa fupa likalowa matenda kuchiza kwake kumatenga miyezi. Chimodzimodzi amene magazi asiya kufika kuphazi kapena kudzanja, amene mfundo yaguluka, ndi amene kutupa kwathina minofu moti ikhoza kufa m'maola ochepa. Okalamba othyoka m'chiuno nawonso sadikiritsidwa. Malangizo ambiri a zachipatala amati achitidwe opareshoni pasanathe maola 48, poti kugona nthawi yaitali kumawabweretsera chibayo, zilonda ndi kuundana kwa magazi.

Fupa lothyokera m'kati, khungu lili losang'ambika, lomwe lagwiridwa kale ndi chikhakha, nthawi zambiri likhoza kudikira masiku angapo. Sitikunena kuti kudikira sikuwawa, ndipo tikuvomera kuti nthawi zina masikuwo amapitirira momwe ifeyo tingafunire.

Kodi mndandandawo umaunikidwanso?

Inde, m'mawa uliwonse. Wodwala akasintha, malo akenso amasintha.

Mnzanga anamuika chitsulo, ine chikhakha chokha. Si kukondera kumeneku?

Ayi. Fupa limadzilumikiza lokha. Ntchito ya chikhakha kapena chitsulo ndi kuligwira kuti lisasunthe pamene likupola. Chitsulo chimaganiziridwa ngati zidutswa zatalikirana, ngati kuthyokako kwalowa mu mfundo, kapena ngati fupa likukana kukhala pamalo. Msinkhu umawerengedwanso: mafupa a ana amapola msanga ndipo amatha kuwongoka pamene akukula, choncho ambiri safunika mpeni. Opareshoni ili ndi zoopsa zake, monga kutaya magazi ndi bala kulowa matenda. Anthu awiri othyoka mwendo womwewo akhoza kulandira chithandizo chosiyana, onse n'kukhala atathandizidwa moyenera. Ngati simukukhutira, pemphani dokotala akuonetseni ekisire yanu ndi kukufotokozerani.

Kodi zitsulo timalipira?

Yankho limodzi la aliyense palibe. Zimatengera mtundu wa chitsulo, ngati chilipo kale m'chipatala, ndiponso ngati muli pa inshuwalansi. Ngati pali cholipira, muyenera kuuzidwa opareshoni isanachitike ndipo mulandire lisiti. Ndalama sizisuntha munthu pamzere. Wina akakuuzani zotero, kanene kwa mkulu wa wodi.

Ndinasala kudya, kenaka anati opareshoni yalephereka. Chifukwa chiyani?

Kawirikawiri kumakhala kuti kwabwera wangozi, kapena shuga, BP kapena magazi anu sizinali bwino, kapena kutupa sikunaphwe. Kusalako, pafupifupi maola 6 osadya, n'koteteza kuti chakudya chisalowe m'mapapo mukagonetsedwa. Zachitikapo kuti wodwala sanauzidwe msanga za kusinthako. Zimenezo n'zosayenera.

Chikhakha chikhala nthawi yaitali bwanji?

Kwa wamkulu, mkono umatenga pafupifupi masabata 6, fupa la msongolo miyezi 3 kapena kuposerapo. Fodya amachedwetsa kupola.

Ndikatuluka m'chipatala, ndingabwerenso tsiku langa loonana ndi dokotala lisanakwane?

Bwerani pompopompo ngati ululu ukukulirakulira ngakhale mwamwa mankhwala, zala zachita dzanzi, zazizira kapena zasintha mtundu, kapena chikhakha chikununkha. Musachidule nokha kunyumba. Wobwera ndi zizindikiro zimenezi sakhala pamzere. Uzani namwino mukangofika.