Mmene ngozi ya mu 2009 inasinthira malamulo a ndege zazing'ono pa mtsinje wa Hudson

Mtsinje wa Hudson umalekanitsa mzinda wa New York ndi dera la New Jersey, ndipo pamwamba pake pali mpata umene ndege zing'onozing'ono ndi mahelikopita zimadutsamo popanda kulondoleredwa ndi oyang'anira kayendedwe ka ndege. Mumpatamu mwambo wake ngwakale: woyendetsa aziponya maso kunja, ndipo akaona mnzake amupatukire yekha.

Loweruka pa 8 Ogasiti 2009, dzuwa lili paliwombo, ndege ya mtundu wa Piper yonyamula anthu atatu apachibale, imene inanyamuka pabwalo la Teterboro ku New Jersey, inawombana ndi helikopita yomwe inkakwera kuchokera ku Manhattan mumzinda wa New York itanyamula woyendetsa wake ndi alendo asanu a ku Italy. Zinachitikira pafupi ndi mzinda wa Hoboken ku New Jersey, mafiti pafupifupi 1,100 pamwamba pa madzi, ndipo anthu 9 onsewo anamwalira.

Bungwe lofufuza ngozi la NTSB linapeza kuti woyang'anira ndege wa ku Teterboro anali pa foni kucheza nkhani zosakhudza ntchito, moti sanazindikire kuti woyendetsa Piper wabwereza molakwika nambala ya wailesi imene anamuuza. Ambiri anathamangira kuloza chala munthu ameneyu, koma chimene ofufuzawo anatchula poyamba, ndipo ine ndikuona kuti ndicho chinali chachikulu, ndi malire a diso la munthu. Ndege imene ikubwera kudzakuwomba siioneka ngati ikuyenda. Imakhala ngati kadontho kongoima pamalo amodzi pagalasi, kenako n'kukula mwadzidzidzi nthawi yopatuka itatha kale, chikhalirecho diso limagwira msanga chinthu choyenda kuposa choima. Helikopita ija, kuwonjezera apo, inasokonekera m'maso ndi nyumba zambirimbiri zimene zinali kuseri kwake.

Andale ena anafuna kuti ndege zichepetsedwe kwambiri mumpatamo, pomwe oyendetsa ndege anaumirira kuti ukhalebe wotsegula. Bungwe loona za ndege la FAA silinautseke, koma mu Novembala chaka chomwecho linasandutsa lamulo zinthu zimene kale zinkangolimbikitsidwa. Wolowera kumpoto azitsata gombe la kum'mawa, wolowera kumwera azitsata la kumadzulo, liwiro lisapitirire ma knot 140 (makilomita pafupifupi 260 pa ola), magetsi akhale oyaka, ndipo aliyense azilengeza pa wailesi imodzi akafika pa malo odziwika monga mlatho wa George Washington ndi chipilala cha Statue of Liberty. Ndege zongodutsa anazipatsa danga la pakati pa mafiti 1,000 ndi 1,300, ndipo zozungulira m'deralo, kuphatikizapo mahelikopita a alendo, anazisiyira kunsi kwake.