Mkazi wa pachikuto: chiyambi cha mkangano wa zithunzi za mabuku a Dungeons & Dragons

M'chaka cha 1976 kampani yaing'ono ya TSR, ya m'tauni ya Lake Geneva m'chigawo cha Wisconsin ku America, inatulutsa kabuku kotchedwa Eldritch Wizardry. M'kati mwake munali malamulo okhaokha a masewera a Dungeons & Dragons: mayina a ziwanda, mphamvu za ansembe a m'nkhalango, ndi manambala ambirimbiri. Koma pachikuto panali mkazi ali mbulanda, atagonekedwa paguwa la nsembe. Wojambula chithunzicho anali mayi, Deborah Larson. Zaka pafupifupi 50 zadutsa, ndipo anthu okonda masewerawa akukanganabe za zithunzi za mtundu umenewu.

Kwa amene sanawaonepo, masewera ake amayenda ngati nthano za madzulo, koma omvera sangoyankha "tili tonse" ayi. Aliyense amatenga munthu wake m'nthanomo, wina msilikali, wina wamatsenga, wina mbala, n'kumanena zomwe munthuyo achite. Mmodzi amatsogolera nkhaniyo, ndipo madayisi ndi amene amagamula ngati lupanga lalasa kapena laphonya. Zonse zimachitikira pathebulo, ndi pepala ndi pensulo. Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa Dungeons & Dragons mu 1974, ndipo makope oyamba anali 1,000 okha. Popeza palibe kanema woti muonere, chithunzi cha m'buku ndicho chimauza wosewera maonekedwe a dzikolo ndi anthu ake. N'chifukwa chake nkhani ya chikuto si yaing'ono kuno.

TSR sinayambitse mkazi wa pachikuto. Inachita kumulandira kwa akuluakulu ake. M'zaka za m'ma 1930 magazini ya ku Chicago ya Weird Tales, momwe munkatuluka nkhani za Conan, wankhondo wa m'nthano, zolembedwa ndi Robert E. Howard, inkagulitsidwa ndi zikuto za Margaret Brundage. Iye ankajambula akazi osavala kapena ovala pang'ono, ena omangidwa, ena akukwapulidwa. Mkonzi wake Farnsworth Wright anaona kuti zikuto zoterozo zikuyenda malonda, ndipo alembi ena anazindikira msanga kuti ukaika mkazi wovulidwa m'nkhani yako, nkhaniyo ikwera pachikuto. Owerenga ankalemba makalata odandaula kuyambira nthawi yomweyo. Brundage ankasaina "M. Brundage", ndipo zitadziwika kuti ndi mayi, madandaulo sanathe.

Kenako kunabwera Frank Frazetta, amene kuyambira 1966 anajambula zikuto za mabuku a Conan: mwamuna wa minyewa ataimirira pamulu wa adani, mkazi atamugwira mwendo. Mu 1973 kampani ya Marvel inatulutsa Red Sonja, msilikali wamkazi amene posakhalitsa anavekedwa bikini ya tizitsulo tolukana. Anyamata amene anayambitsa ndi kusewera Dungeons & Dragons anakulira pa mabuku amenewa. Gygax mwini anaika Howard pamndandanda wa alembi amene anamulimbikitsa. Komanso masewerawa anaphukira ku masewera a nkhondo a tizidole ta asilikali, kumene akazi ankachita kuwerengeka ndi zala. Ojambula ankajambulira anzawo, ndipo funso loti mtsikana akatola bukuli aganiza chiyani silinkabwera n'komwe.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti zithunzizo zinkagwirizana ndi malamulo a m'kati. Mu 1976 magazini ya TSR ya The Dragon inasindikiza nkhani ya Len Lakofka yonena kuti anthu aakazi m'masewerawa akhale ndi nambala ya kukongola, yoti azinyengerera nayo amuna. Buku la osewera la 1978 linaika malire a mphamvu za mkazi kuti asafike pamene mwamuna angafike, m'dziko limene munthu amatha kuuluka ndi kuponya moto ndi manja. Buku la wotsogolera masewera la 1979 linali ndi chimphona chofiira pachikuto, chitanyamula mkazi wovala pang'ono m'dzanja, amuna awiri akulimbana nacho pansi. M'kati mwake munali mndandanda woponyera dayisi kuti mudziwe mtundu wa hule amene mwakumana naye mumsewu. Mtsikana wotsegula mabuku amenewa ankauzidwa malo ake kangapo asanayambe n'komwe kusewera.

Akazi osewera sanakhale chete. Mu July 1980, m'kope la nambala 39 la Dragon, Jean Wells ndi mnzake wamwamuna Kim Mohan analemba nkhani yofuna kuti akazi azionedwa mofanana ndi amuna pamasewerawa. Wells anali mkazi woyamba kulembedwa ntchito yopanga masewera ku TSR. Patapita zaka zitatu katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Gary Alan Fine anayerekeza kuti akazi anali pakati pa 5 ndi 10 mwa osewera 100 alionse. Apa mpamene panagona nkhani imene yazungulira kwa zaka zambiri. Osindikiza ankati tikujambulira anyamata chifukwa ogula ndi anyamata. Akazi ankati ogula ndi anyamata okha chifukwa mukujambulira iwo.

Zimene zinamuonekera Wells mu 1981 n'zowawa. Analemba buku la ulendo, lomwe ndi nthano yokonzeratu yoti osewera adutsemo, lotchedwa Palace of the Silver Princess, la chikuto cha mtundu wa lalanje. Litangosindikizidwa, akuluakulu a kampani analiona n'kulamula kuti makope onse abwezedwe ndi kuwonongedwa. Chimodzi mwa zithunzi zimene zimatchulidwa chinali cha mtsikana womangidwa ndi tsitsi lake lomwe, gulu la amuna likumutosa ndi malupanga. Ena amene ankagwira ntchito kumeneko amati chinakwiyitsa mabwana kwenikweni ndi chithunzi china cha Erol Otus, cha zilombo za mitu itatu zimene nkhope zake zinkafanana ndi za anthu a pakampanipo. Bukulo analipereka kwa Tom Moldvay kuti alilembenso, linatuluka ndi chikuto chobiriwira, ndipo Wells sanatulutsenso buku lina la ulendo ku TSR. Kampani imene inali itagulitsa kale mkazi wamaliseche paguwa inadzidzimuka tsiku limene mlembi anali mkazi. Makope ochepa a lalanje amene anapulumuka lero amagulidwa ndi ndalama zambiri.

Kenako kunabwera odandaula a mtundu wina, ndipo awa ndiwo anamveka. M'zaka za m'ma 1980 mantha anagwira makolo ndi mipingo ina ku America kuti masewerawa akulowetsa ana m'zausatana. Patricia Pulling, amene mwana wake anadzipha mu 1982, ankati masewerawa ndiwo anachititsa, choncho anayambitsa gulu lolimbana ndi Dungeons & Dragons, ndipo mu 1985 nkhaniyi inafika pa pulogalamu ya pa TV ya 60 Minutes. TSR inaopa kutaya masitolo. Pamene inkatulutsa malamulo atsopano mu 1989, mayina a ziwanda ndi adyerekezi anachotsedwa, mabere a milungu yaikazi ndi zilombo amene ankaoneka m'mabuku akale anaphimbidwa. Mu 1990 mmodzi wa akuluakulu ake, James Ward, analemba mu Dragon mosabisa kuti kampaniyo ikupewa kukwiyitsa amayi a ana.

Koma taonani chimene chinatsala. Zimenezi zinali zaka za ojambula aluso kwambiri a TSR: Larry Elmore, Clyde Caldwell, Keith Parkinson ndi Jeff Easley. Chithunzi cha Caldwell cha buku la Azure Bonds la 1988 chimaonetsa msilikali wamkazi Alias atavala malaya achitsulo otseguka pakati penipeni pa chifuwa, pomwe mkondo wa mdani umafuna. Maliseche anachoka chifukwa mayi wa mnyamata akanakana kugula. Chovala chankhondo chosateteza chinatsala chifukwa mnyamatayo ankachikonda. Wosewera wamkazi, amene pempho lake linali loti munthu wake azioneka ngati wopita kunkhondo, sanapindulepo kanthu. Ndiye popeza magulu awiriwa onse ankaloza zithunzi zomwezo, kunali kosavuta kuwaunjika pamodzi. Kwa zaka zambiri mkazi aliyense wonena za chikuto ankayankhidwa ngati wabwera kudzawotcha mabuku.

TSR inagwa ndi ngongole, kampani ya Wizards of the Coast inaigula mu 1997, ndipo kampani ya zoseweretsa ya Hasbro inagula Wizards mu 1999. Mabuku akuluakulu a malamulo a mu 2000 anatuluka opanda munthu pachikuto, ooneka ngati mabuku akale a chikopa ndi chitsulo. Koma chaka chomwecho Wizards inapereka chilolezo choti aliyense azisindikiza mabuku ogwiritsa ntchito malamulo ake. Timakampani tinabadwa tambirimbiri, tonse tikulimbirana shelefu imodzi m'sitolo. Pamene mabuku 50 afanana, chogwira diso ndicho chimagulitsa. Avalanche Press inatchuka ndi zimenezi. Mabuku ake ankanena za mbiri yakale, monga ma Viking a ku Greenland, China wakale ndi achifwamba a panyanja ya Caribbean, ndipo m'kati mwake munali ntchito yofufuzidwa bwino. Pachikuto pokha ndi pamene pankakhala mkazi wovala tizingwe, zambiri zojambulidwa ndi Lorenzo Sperlonga wa magazini ya Heavy Metal. Kudandaula kwa nthawi imeneyo sikunachokere kwa akazi okha. Amuna ogula nawo ankanena kuti buku labwino likuwachititsa manyazi kulitulutsa pamaso pa akazi awo kapena ana awo.

Mu 2003 kampani ya Valar Project, ya Anthony Valterra amene kale ankagwira ntchito ku Wizards, inalengeza Book of Erotic Fantasy, buku la malamulo a zogonana lokhala ndi zithunzi za anthu enieni. Wizards inasintha msanga chilolezo cha chizindikiro chake cha d20, chosonyeza kuti buku likugwirizana ndi malamulo ake, n'kuikamo lamulo la zaulemu, moti bukulo linatuluka lopanda chizindikirocho. Apanso chinasuntha kampani ndi kuopa kuti dzina lake lidetsedwa. Chaka chotsatira kampani ya White Wolf inatulutsa Savant and Sorcerer ya masewera a Exalted, ya chikuto cha Hyung-Tae Kim wa ku Korea, buku la malamulo a zamatsenga limene diso la wogula limayamba kugwera pakati pa miyendo ya mkazi. Mpaka lero limatchulidwa nkhaniyi ikabuka.

Oteteza zithunzizi ali ndi mfundo zawo, ndipo zina si zopepuka. Amati thupi la munthu lakhala likujambulidwa kuyambira kalekale, kuti Brundage ndi Larson anali akazi, kuti pali akazi ambiri okonda Red Sonja amene amavala ngati iye pamisonkhano mwa kufuna kwawo. Amene anapirira zaka za Pulling ali ndi chifukwa chomveka choopera aliyense wofuna kuchotsa chinthu m'buku. Zonsezi ndimazimva. Mfundo imene sindiivomera ndi yoti Conan nayenso savala. Conan amajambulidwa ataponda pansi mwamphamvu, nkhwangwa m'manja, maso ali pa mdani, ndipo mnyamata womuona amafuna kukhala iyeyo. Mkazi wa pambali pake amapindidwa msana kuti chifuwa ndi matako zionekere limodzi, maso ali pa wogula. Kuchuluka kwa khungu kungafanane, koma wina ndi mwini nkhani, winayo ndi mphoto. M'masewera amene cholinga chake chonse n'chakuti iwe ukhale munthu wa pachithunziyo, kusiyana kumeneku n'kwakukulu.

Chimene chinasintha zinthu ndi pamene odandaula anayamba kuonetsa m'malo mongonena. Cha m'ma 2010 Anna Kreider wa ku Canada, wopanga masewera, anayamba kuwerenga zithunzi za m'mabuku chimodzichimodzi: akazi angati, amuna angati, angati akuchita kanthu, angati angoima moonetsa thupi. Mu 2012 mlembi Jim C. Hines anadzijambulitsa akuyesa kuima monga akazi a pazikuto amaimira, ndipo anaonetsa kuti thupi la munthu silipindika choncho popanda kupweteka. Mu 2013 magazini ya bungwe la alembi la SFWA inaika pachikuto cha kope la nambala 200 chithunzi cha Jeff Easley cha mkazi wa bikini yachitsulo. Chithunzicho pamodzi ndi nkhani zina za m'magaziniyo zonyoza akazi zinautsa mkwiyo waukulu, ndipo mkonzi wake Jean Rabe, amene nayenso anachokera ku TSR, anatula pansi udindo.

Buku la osewera la Dungeons & Dragons la 2014 linabwera mosiyana. Pachikuto cha Tyler Jacobson pali mkazi wovala zofunda bwino akulumphira chimphona cha moto, iye ndiye woukira. Patsamba lofotokoza anthu enieni, osati mitundu ina ya m'nthano, chithunzi chake ndi cha mkazi wakuda atanyamula zida. Kampani ina ya Paizo, imene inkanenedwa chifukwa cha kavalidwe ka wamatsenga wake Seoni m'masewera a Pathfinder, inamujambulanso movala kwambiri mu 2019. Pofika cha m'ma 2020 Wizards inkanena kuti akazi ndi pafupifupi 40 mwa osewera 100 alionse. Sizinali zithunzi zokha zimene zinachita zimenezi, chifukwa mapulogalamu a pa intaneti oonetsa anthu akusewera, ngati Critical Role, anakokanso anthu ambiri atsopano. Koma zija zoti akazi safuna masewerawa zinaoneka poyera kuti sizinali zoona.

Mkanganowu tsopano wasamukira pa mabuku akale. Kuyambira 2020 Wizards imaika chenjezo pa mabuku a TSR amene ikugulitsa pa intaneti, lonena kuti muli zina zimene zinali zolakwika nthawi imeneyo ndipo n'zolakwikabe. Mu 2024, pokumbukira zaka 50 za masewerawa, inatulutsa buku losonkhanitsa zolemba zoyambirira, ndipo mawu otsogolera a Jason Tondro wa ku Wizards anatchula poyera za kunyoza akazi kumene kunali m'zolembazo. Ena mwa osewera akale anaona ngati Gygax, amene anamwalira mu 2008, akunyozedwa ali m'manda. Elon Musk analowerera pa X mu November chaka chomwecho, mpaka kufunsa kuti Hasbro ingagulidwe ndalama zingati. Wizards sinabise chilichonse cha zolemba zakalezo, inazisindikizanso momwe zinalili. Chimene chinawapweteka anthu ndi mawu ochepa aja onena chimene Jean Wells anali atanena kale mu 1980, ali pantchito ku Lake Geneva komweko.